Dzina la mayi m'kaundula: nkhondo ya ufulu wovota ndi zimene inasiya osamaliza

Pamene dziko la India linkakonzekera chisankho chake choyamba litalandira ufulu wodzilamulira, chomwe chinayamba kumapeto kwa 1951 n'kutha kumayambiriro kwa 1952, alembi a kaundula anakumana ndi vuto limene sanaliyembekezere. Malamulo atsopano a dzikolo anali atanena momveka kuti aliyense wa zaka 21 kapena kuposerapo ali ndi voti, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, kaya anapita kusukulu kaya ayi. Koma alembi akafika pakhomo n'kufunsa mayi dzina, m'madera ambiri yankho linkakhala lakuti "ndine mkazi wa uje" kapena "ndine mayi wake wa uje". Kutchula dzina lake lenileni pamaso pa mlendo kunali kosemphana ndi mwambo. Mkulu wa bungwe loyendetsa chisankho, Sukumar Sen, anakana kulandira mayina otere, ndipo amayi pafupifupi 2.8 miliyoni anafufutidwa m'kaundula.

Nkhaniyi imandigwira mtima chifukwa siili patali ndi ife. Kwathu kuno mayi timamuitana kuti "amake Chikondi", "a Nabanda", "akazi a aphunzitsi", ndipo timatero mwaulemu. Ana ambiri amakula mpaka kukwatira asakudziwa dzina loyamba la agogo awo aakazi. Ulemuwo ndi wabwino ndithu. Koma boma likamawerenga anthu ake, funso limakhala lina: kodi mayiyu akuwerengedwa payekha, kapena akungolowa m'chiwerengero cha mwamuna amene akukhala naye? Mkangano wonse wa ufulu wa amayi wovota, womwe unatenga zaka zoposa zana, unagona pa funso limeneli.

Ku England ndi ku America, m'zaka za m'ma 1800, lamulo linali ndi yankho lake. Mkazi akakwatiwa, pamaso pa khoti ankakhala ngati wasungunukira mwa mwamuna wake. Malipiro ake akagwira ntchito anali a mwamuna. Katundu amene wabwera naye kuchokera kwa makolo ankalamulidwa ndi mwamuna. Sakanatha kusaina pangano payekha, ndipo banja likatha, ana anali a bambo. Ku Britain zimenezi zinayamba kusintha ndi malamulo a 1870 ndi 1882 omwe analola mkazi wokwatiwa kukhala ndi chuma chakechake. Choncho otsutsa akamanena kuti mayi safunikira voti chifukwa mwamuna wake amamuvotera kale, sankayankhula zachibwana. Ankangobwereza zimene lamulo linkanena pa china chilichonse.

Amene anayamba kudzutsa nkhaniyi analipira mtengo. Ku France, pamene anthu anaukira ufumu n'kulengeza za ufulu wa munthu, Olympe de Gouges anaona kuti "munthu" ameneyo ndi mwamuna yekha. Mu 1791 analemba chikalata chake cha ufulu wa mkazi, momwe ananena kuti ngati mkazi ali woyenera kukwera pamalo ophera anthu olakwa, ndiye kuti ndi woyeneranso kukwera pansanja n'kuyankhula. Mu 1793 anamudula mutu chifukwa cha zolemba zake zandale. Amayi a ku France anadikira mpaka 1944 kuti apatsidwe voti.

Ku America mbewu inamera m'munda wa nkhondo yothetsa ukapolo. Mu 1840 ku London kunali msonkhano waukulu wotsutsa ukapolo, ndipo amayi amene anawoloka nyanja ngati nthumwi anakanizidwa kukhala pamipando ya nthumwi. Awiri mwa amayi amene anali kumeneko, Lucretia Mott ndi Elizabeth Cady Stanton, sanaiwale chipongwecho. Mu Julayi 1848 anaitanitsa msonkhano m'tauni yaing'ono ya Seneca Falls ku New York. Anagwirizana mosavuta pa nkhani za chuma, maphunziro ndi ntchito. Mfundo imene inavuta ndi ya voti, moti ngakhale ena mwa amayiwo ankaopa kuti anthu awaseka. Amene anaimirira kuikira kumbuyo mfundoyo anali Frederick Douglass, munthu wakuda amene anathawa ukapolo. Pamapeto pake anthu 100 anasaina, amayi 68 ndi abambo 32.

Komabe dziko loyamba kupereka voti kwa amayi onse silinali America kapena Britain. Linali New Zealand, mu 1893, ndipo chimene chinasonkhanitsa amayi kumeneko ndi mowa. Bungwe la amayi achikhristu olimbana ndi uchidakwa linaona kuti malipiro a abambo akuthera kumowa, nkhanza zikuchuluka m'nyumba, koma aphungu opanga malamulo a mowa sakuopa amayi chifukwa amayi savota. Kate Sheppard ndi anzake anayenda khomo ndi khomo kutolera masaini, ndipo mu 1893 anapeza pafupifupi 32,000. Ambiri mwa mapepalawo anawamata pamodzi n'kukhala mpukutu wautali mamita pafupifupi 270, umene unakatambasulidwa m'Nyumba ya Malamulo. Eni malonda a mowa analimbana nazo kwambiri, koma bilu inadutsa m'nyumba yachiwiri ndi mavoti 20 kwa 18, n'kusainidwa pa 19 Seputembala. Amayi a mtundu wa Maori, eni nthaka, anavota nawo limodzi. Koma kuima nawo pa chisankho analoledwa mu 1919, ndipo phungu woyamba wamkazi analowa mu 1933. Ku Finland zinthu zinayenda mwachangu: voti ndi ufulu woima zinabwera pamodzi mu 1906, ndipo chaka chotsatira amayi 19 analowa m'nyumba ya aphungu 200.

Ku Britain: kudekha ndi kuswa mawindo

Dziko limene linkatilamulira ife ndi limene linaona ndewu yowawa kwambiri. Mu 1867 phungu John Stuart Mill anapempha kuti mu bilu ya zisankho mawu akuti "mwamuna" achotsedwe, alembe kuti "munthu". Anagonja ndi mavoti 196 kwa 73. Kuyambira pamenepo amayi anapempha mwaulemu kwa zaka makumi angapo: makalata, misonkhano, kukaonana ndi aphungu. Mu 1897 magulu awo anagwirizana pansi pa Millicent Fawcett, mayi wodekha amene ankakhulupirira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Emmeline Pankhurst anatopa nako kudekhako. Mu 1903 ku Manchester iye ndi ana ake aakazi anayambitsa Women's Social and Political Union, ndipo mfundo yawo inali yakuti zochita ndizo zofunika, osati mawu. Anayamba ndi kusokoneza misonkhano ya nduna, kenako kudzimangirira ndi maunyolo kumipanda, kuswa mawindo a masitolo, kutentha mabokosi a makalata, mpaka kuotcha nyumba zopanda anthu. Pa 18 Novembala 1910 amayi pafupifupi 300 amene ankapita ku Nyumba ya Malamulo anamenyedwa ndi kugwiridwa mwachipongwe kwa maola angapo m'manja mwa apolisi ndi anthu ongoonerera.

M'ndende anayamba kunyanyala kudya. Woyamba anali Marion Wallace Dunlop mu 1909, yemwe ankafuna kuti amuone ngati mkaidi wa ndale, osati chigawenga. Boma linayankha ndi kudyetsa mokakamiza: alonda angapo kumupanikiza mayi pampando, dokotala n'kulowetsa paipi ya labala m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'mimba, n'kuthiramo mkaka ndi mazira. Ena anachitiridwa zimenezi kambirimbiri, ndipo matupi awo sanabwerere mwakale. Anthu atayamba kunyansidwa nazo, mu 1913 boma linapanga lamulo loti mkaidi akafooka atulutsidwe, akapezako mphamvu amangidwenso. Anthu analipatsa dzina loti lamulo la mphaka ndi khoswe. Chaka chomwecho, pa 4 Juni, Emily Wilding Davison analowa m'bwalo la mpikisano wa akavalo ku Epsom n'kugundidwa ndi kavalo wa Mfumu George V. Anamwalira patapita masiku anayi.

Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati chiwawachi chinathandiza kapena chinachedwetsa zinthu. Maganizo anga ndi akuti mbali ziwirizi zinkafunana ngakhale sizinkagwirizana. Gulu la Pankhurst linachititsa kuti nkhaniyi isachoke m'nyuzipepala, koma linapatsanso aphungu ena chonamizira chokanira. Gulu la Fawcett, lomwe linali lalikulu kuposa linzake, ndi limene linali ndi anthu okhala nawo pansi nduna nthawi yokambirana itakwana. Tikamakumbukira oswa mawindo okha, timaiwala amayi masauzande, kuphatikizapo ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Lancashire, amene anatolera masaini kwa zaka zambiri popanda wowajambula chithunzi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, amayi analowa m'mafakitale a zipolopolo, m'mabasi, m'minda ndi m'maofesi. Mu 1918 voti inabwera, koma taonani mmene anaigawira. Pafupifupi mwamuna aliyense wa zaka 21 anapatsidwa. Mkazi anayenera kukhala wa zaka 30, komanso iye kapena mwamuna wake akhale ndi nyumba kapena malo ovomerezeka. Amayi pafupifupi 8.4 miliyoni anakwanitsa. Atsikana ambiri amene ankapanga zipolopolo, amene andale ankawatamanda m'misonkhano, anatsala kunja chifukwa anali asanafike zaka 30. Chifukwa chake chinali cha masamu: anyamata ochuluka anali atafera kunkhondo, ndipo kupereka voti mofanana kukanachititsa kuti amayi achuluke kuposa abambo m'kaundula. Kufanana kwenikweni kunabwera mu 1928, Emmeline Pankhurst atangomwalira milungu yochepa.

Voti ya amayi ati?

Apa ndi pamene mbiri imeneyi imawawa kwa ife anthu akuda, ndipo si bwino kuidumpha. Ku America, nkhondo yapachiweniweni itatha, malamulo anasinthidwa mu 1870 kuti munthu asakanizidwe kuvota chifukwa cha khungu lake, koma za amayi sanatchulepo. Mgwirizano wakale wa othetsa ukapolo ndi omenyera ufulu wa amayi unang'ambika. Stanton, yemwe uja wa ku Seneca Falls, anayankhula mawu onyoza anthu akuda ndi obwera, podandaula kuti iwo apatsidwa voti mayi wachizungu wophunzira asanapatsidwe. Susan B. Anthony anakavota dala ku Rochester mu 1872, anamangidwa, n'kulipitsidwa madola 100 amene sanapereke mpaka kufa. Kulimba mtima kwake n'koona. Koma n'zoonanso kuti pa chionetsero chachikulu cha ku Washington mu 1913, mtolankhani wakuda Ida B. Wells, amene ankaika moyo wake pachiswe poulula za kuphedwa kwa anthu akuda, anauzidwa kuti ayende kumbuyo ndi akuda anzake kuti azungu akum'mwera asakhumudwe. Iye anadikira m'khamu la anthu, gulu la kwawo ku Illinois litafika analowa pakati pawo n'kuyenda nawo.

Kusintha kwa malamulo kopereka voti kwa amayi kunkafuna kuti zigawo 36 zivomereze. Chomaliza chinali Tennessee, pa 18 Ogasiti 1920, ndipo mavoti anali ofanana mpaka phungu wa zaka 24, Harry Burn, anatembenuka chifukwa cha kalata yochokera kwa mayi ake yomuuza kuti avomereze. Nkhani imeneyi imakoma kuifotokoza. Koma kwa mayi wakuda wa ku Mississippi kapena Alabama, 1920 sinasinthe kanthu. Panali msonkho wolipira usanavote, mayeso owerenga amene mlembi wachizungu ankasankha yekha wopambana, ndi mantha a kuphedwa. Mu 1962 Fannie Lou Hamer, mlimi wa m'munda wa thonje, anapita kukalembetsa. Atabwerako anathamangitsidwa pamalo pomwe anagwirapo ntchito zaka 18, ndipo chaka chotsatira anamenyedwa koopsa m'chitokosi cha apolisi. Lamulo limene linatseguladi chitseko ndi la 1965.

Ku Australia amayi anapatsidwa voti ya dziko lonse mu 1902, koma eni nthaka, amuna ndi akazi omwe, anadikira mpaka 1962. Ku South Africa ndiye zinali poyera. Mu 1930 boma la nduna yaikulu Hertzog linapereka voti kwa amayi achizungu okha. Ku Cape kunali abambo akuda ochepa amene ankavota chifukwa anali ndi chuma ndi maphunziro, ndipo kuwirikiza chiwerengero cha azungu m'kaundula kunachepetsa mphamvu ya mavoti awowo. Ufulu wa mayi mmodzi unagwiritsidwa ntchito ngati chikwapu chokwapulira anthu ena. Amayi akuda kumeneko anavota koyamba pamodzi ndi aliyense mu 1994.

Ndipo tisaganize kuti kuchedwa ndi matenda a maiko osauka. Ku Switzerland abambo anakana pa referendamu ya 1959, n'kudzavomera mu 1971, ndipo chigawo cha Appenzell Innerrhoden chinachita kukakamizidwa ndi khoti mu 1990. Ku Kuwait zinatheka mu 2005, ndipo ku Saudi Arabia amayi anavota koyamba pa chisankho cha makhansala mu 2015.

Mu Africa nkhondo inali ina

M'maiko ambiri olamulidwa ndi atsamunda, mayi sakanayamba ndi kufuna voti imene ngakhale mwamuna wake analibe. Ndale za amayi zinayambira pa msonkho, pamsika ndi pa mapasi, ziphaso zoletsa munthu wakuda kuyenda momasuka. Mu 1929 kum'mawa kwa Nigeria, mphekesera zakuti amayi ayamba kudulitsidwa msonkho zinadzutsa amayi masauzande amene anazinga mabwalo a mafumu oikidwa ndi boma, akuimba ndi kuvina monyoza monga mwa mwambo wawo wolangira mwamuna wolakwa. Asilikali anaombera, ndipo amayi oposa 50 anafa. Ku Abeokuta, Funmilayo Ransome-Kuti anatsogolera amayi amumsika mpaka mfumu yaikulu, Alake, inatula pansi udindo mu 1949. Ku Egypt, Doria Shafik analowa m'Nyumba ya Malamulo ndi amayi pafupifupi 1,500 mu 1951, ndipo voti inabwera mu 1956. Pa 9 Ogasiti 1956 amayi pafupifupi 20,000 a mitundu yonse, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams, anafika ku maofesi a boma a Union Buildings ku Pretoria kukana mapasi, n'kuima chete kwa theka la ola. Ku Lusaka mu 1960, Julia Chikamoneka ndi anzake anavula malaya pamaso pa nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod. Aliyense wokulira kuno akudziwa kulemera kwa mayi wamkulu kuvula pagulu: ndi temberero, ndipo amatero pokhapokha zinthu zafika posauzana.

Pali anthu amene amati nkhani za jenda ndi zachilendo, zinabwera ndi azungu. Mbiri yathu imakana. Achewa anali ndi Nyangu, mayi wa ufumu wa Kalonga. Ku Msinja kunali Makewana, woyang'anira kachisi wa mvula, amene mafumu ankamulemekeza. Anamkungwi ndi amayi akuluakulu a banja ali ndi mawu posankha wolowa ufumu, ndipo mpaka lero tili ndi mafumu aakazi. Pa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka, munda n'kumayenda m'mzere wa amayi. Koma tisadzinamizenso. Ngakhale pamenepo mwinimbumba ndi malume, ndipo pabwalo la milandu amene amayankhulira mayi kawirikawiri ndi nkhoswe yake. Atsamunda atabwera anakuza mbali ya abambo yokhayo: msonkho, sukulu, ntchito yolembedwa ndi mipando ya m'makhonsolo zinapita kwa amuna, mphamvu zakale za amayi n'kutsala zopanda malo m'mabuku a boma.

Ku Nyasaland, Rose Chibambo, wochokera ku Mzimba, anayamba kusonkhanitsa amayi m'zaka za m'ma 1950 kuti alimbane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nthawi imene misonkhano ya chipani cha Nyasaland African Congress inkaoneka ngati ya abambo okha. Mu Malichi 1959, boma litalengeza kuti zinthu zavuta m'dziko, anamangidwa patangopita masiku ochepa atabereka, ndipo khandalo analowa nalo m'ndende. Vera Chirwa, amene pambuyo pake anakhala loya woyamba wamkazi m'Malawi, anali mmodzi mwa oyambitsa ligi ya amayi ya Malawi Congress Party.

Chisankho cha Ogasiti 1961 chinali ndi makaundula awiri, apamwamba ndi apansi, ndipo kuti munthu alembedwe ankayang'ana chuma, maphunziro kapena mbiri yake yokhoma msonkho. Lamulo silinatseke amayi ndi mawu, koma zoyenereza zimenezi zinali m'manja mwa abambo, ndipo onse olembedwa anangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu mamiliyoni. Voti ya munthu wamkulu aliyense inabwera ndi chisankho cha 1964, koma pamipando ya kaundula wa anthu onse oimira Malawi Congress Party analibe opikisana nawo, moti panalibe choponyera voti. Chaka chomwecho Rose Chibambo anali phungu wa kum'mwera kwa Mzimba komanso mayi woyamba kukhala paudindo wothandizira nduna. Mu Seputembala, pa mkangano wa Dr Banda ndi nduna zake, anachotsedwa, kenako anathawira ku Zambia komwe anakhala zaka pafupifupi 30. Vera Chirwa anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa mu 1981, onse n'kuweruzidwa kuti aphedwe. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo a Vera anatuluka mu Januwale 1993.

Zaka za chipani chimodzi zimaphunzitsa kanthu kovuta. Amayi ankaoneka paliponse. Anali mbumba, Ngwazi n'kukhala nkhoswe yawo, ndipo ena amakumbukirabe kuti mwamuna womenya mkazi ankaopa kukanenezedwa ku chipani. Koma malo a mayi pa ndale anali pabwalo, atavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, akuvina. Amayi awiri amene anafuna kuyankhula m'malo movina, wina anathera kunja, wina m'ndende. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa mayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Kwa amayi ambiri a m'Malawi, monganso kwa abambo, tsiku limene voti inakhala ndi kulemera kwenikweni ndi 14 Juni 1993 pa referendamu, kenako 17 Meyi 1994.

Chala cha inki chikauma

Voti ndi chitseko chabe. Amayi a ku Britain ndi America atavota anapeza kuti malipiro ndi osiyanabe, ntchito zina zimatha tsiku laukwati, ndipo nkhanza za m'banja apolisi amaziona ngati nkhani ya m'nyumba. Nkhondo inasamukira kumeneko. Mu 1979 United Nations inavomereza pangano lothetsa tsankho lililonse kwa amayi, lomwe Malawi inalowamo mu 1987. Msonkhano wa ku Beijing wa 1995, umene mlembi wake wamkulu anali Gertrude Mongella wa ku Tanzania, unatchuka mpaka m'midzi mwathu, moti mayi woyankhula molimba mtima anthu ankamunena kuti "wa ku Beijing". Africa inalemba pangano lakelake ku Maputo mu 2003, lokhudza ukwati, chuma cha masiye, uchembere ndi miyambo yovulaza.

Pa pepala Malawi yayenda mtunda wautali. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho, ndipo gawo 24 limanena za ufulu wa amayi mwachindunji. Mu 2006 kunabwera lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja. Mu 2011 kunabwera la chuma cha masiye, lolimbana ndi abale amene amafika ndi lole maliro asanazizire n'kukokolola mipando, malata ndi makina osokera, mayi wamasiye n'kutsala ndi ana pamkeka. Lamulo la 2013 la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba ntchito m'boma, mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 aliwonse ndipo ina isachepere 40. Mu 2015 lamulo la ukwati linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anakonzedwa kutseka mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa kuti mwambo womwewo ukhoza kuteteza mtsikana, pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu aang'ono owavomereza. Pa 7 Epulo 2012 Joyce Banda analumbira kukhala pulezidenti, wachiwiri wamkazi mu Africa pambuyo pa Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia. Anastasia Msosa anakhala mkulu wa makhoti mu 2013, ndipo Catherine Gotani Hara anakhala sipikala mu 2019.

Komabe mu Januwale 2012 yemweyo, mavenda ku Lilongwe ndi Blantyre ankavula amayi pamsewu chifukwa chovala buluku, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo lija litafa. Ndipo m'Nyumba ya Malamulo, ngakhale kampeni ya 50:50 yakhala ikuimbidwa chisankho chilichonse, chiwerengero cha amayi chinakwera mu 2009, chinatsika kufika pa 32 mu 2014, n'kukweranso mu 2019 koma osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a mipando 193. Izi zikuchitika m'dziko limene amayi ndiwo ambiri m'kaundula, ndiponso ndiwo amalawirira pamzere mbandakucha, mwana kumsana.

N'chifukwa chiyani? Ena amathamangira kunena kuti amayi sakondana okha. Yankho limeneli ndi laulesi. Chisankho chathu n'chakuti dera lililonse limatulutsa phungu mmodzi, ndipo chipani chimene chikufuna kupambana chimaika munthu amene ali kale ndi dzina ndi ndalama. Amayi ambiri amagwera pa zisankho zachipulula, komwe malamulo amasintha usiku, malo ovotera amasamutsidwa, ndipo anyamata a chipani amaopseza. Wofuna mpando amayembekezereka kugula mabokosi a maliro, kunyamula odwala, kugawa nsalu ndi ndalama, pamene chuma chambiri chili m'manja mwa abambo. Akaima pamsonkhano amafunsidwa zimene mwamuna safunsidwa: ali pabanja kodi, kwawo n'kuti kwenikweni, kumene anabadwira kapena kumene anakwatiwa? Mwambi woti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo umatuluka, ndi mawu ena osayenera kulembedwa. Rwanda, imene mu 2008 inakhala dziko loyamba kukhala ndi aphungu aakazi ochuluka kuposa aamuna, sinafike pamenepo chifukwa chakuti amayi ake amakondana kwambiri. Malamulo ake a 2003 anasungira amayi malo osachepera 30 pa 100 aliwonse. Pali zokambirana zenizeni ngati kuchuluka kwa mipando kumatanthauza mphamvu m'dziko limene otsutsa boma alibe mpata waukulu, ndipo funso limenelo ndi loyenera kulifunsa. Koma lamulo lathu la 40 ndi 60 limakhudza ntchito za m'boma, silifika pa mndandanda wa oimira zipani, ndipo amene angalifikitse pamenepo ndi aphungu omwewo amene mipando yawo ingagwedezeke.

Rose Chibambo anabwerera kumudzi mu 1994, ambiri atamuiwala. Mu 2012 nkhope yake inaikidwa pa ndalama ya K200, ndipo anamwalira mu Januwale 2016. Ndalama imeneyo imadutsa tsiku lililonse m'manja mwa amayi ogulitsa tomato ndi mandasi, imamangidwa pakona ya chitenje, imaponyedwa m'mbale ya banki m'khonde. Pansi pa chithunzicho sanalembe kuti mkazi wa uje kapena amake uje. Analemba kuti Rose Lomathinda Chibambo.